Rauta yoyenera kuchigwa cha Shire ndi yopirira magetsi akathima

Munthu wofuna kulumikiza nyumba yake ku intaneti ku Chikwawa kapena ku Nsanje kawirikawiri amayamba wakwera mtunda kupita ku Blantyre kapena ku Limbe kukagula kachipangizo. Kumeneko ogulitsa amatamanda liwiro lolembedwa pa katoni ndi kuchuluka kwa tinyanga ta rauta. Koma kachipangizoko kakatsetsereka ku Thabwa n'kukafika ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula, liwiro lija silikhalanso nkhani yaikulu. Chimene chimalamula kuchigwa ndi magetsi, kutalika kwa nsanja ya netiweki ndiponso ndalama zimene banja lingathe kulipira mwezi ndi mwezi.

Modemu ndi chipangizo chokoka intaneti kuchokera ku kampani, pomwe rauta imagawa intanetiyo ku mafoni ndi makompyuta a m'nyumba kudzera pa Wi-Fi. Malangizo ambiri ofotokoza za zipangizozi amalembedwa m'maiko momwe nthambo ya intaneti imafika pakhomo lililonse, ndipo wogula amasankha ziwirizi padera. Kuchigwa nthambo zotere sizifika m'makomo ambiri, choncho intaneti imabwera mumlengalenga. Mabanja amasankha pakati pa kachipangizo kam'thumba kokhala ndi batire kotchedwa MiFi, rauta yapatebulo yolowetsa simukhadi ya Airtel kapena TNM, ndi dishi ya setilaiti ya Starlink. Ziwiri zoyambazo zili ndi modemu ndi rauta m'bokosi limodzi.

Vuto loyamba ndi magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo amaunikira ndi magetsi, ndipo ngakhale amene adalumikizidwa ndi ESCOM amadziwa kuti magetsiwo sapanganika. Anthu a ku Chikwawa adaziona ndi maso mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira m'boma lawo lomwe. Dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adakhala osagwira ntchito kwa nthawi yoposa chaka. Rauta yodalira soketi yokha imazima limodzi ndi babu. Ubwino wake ndi wakuti marauta ambiri a simukhadi amadya mphamvu yochepa, mawatsi ngati 10, ndipo amayendera mavoti 12, kotero kuti batire laling'ono ndi sola zimatha kuwasunga ali moyo tsiku lonse. Ndalama yogulira batire imapindulitsa kuposa yoonjezera pa rauta yaliwiro limene nsanja ya m'deralo singathe kupereka.

Vuto lachiwiri ndi netiweki. Chigwachi ndi chachitali, kuchokera ku Chikwawa boma mpaka kuchipata cha Marka, ndipo mphamvu ya netiweki imasiyana mudzi ndi mudzi. M'mbali mwa msewu wa M1 ndi pamisika ikuluikulu imakhala yabwinoko kusiyana ndi madera akutali monga Chapananga kapena tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Kampani yolimba ku Nchalo ikhoza kukhala yofooka ku Makhanga. N'chifukwa chake rauta yokhomedwa kuti izilandira simukhadi ya kampani imodzi yokha, ngakhale itchipe pogula, imamanga manja mwini wake tsiku limene nsanja ya kampaniyo yazima. Safunsa adadya phula: wogula wanzeru amayamba wafunsa anansi, kenaka n'kuyesa masimukhadi onse awiri pafoni, m'mawa ndi madzulo, ali m'nyumba momwe rautayo izikhala. Kumene netiweki ndi yofooka, chothandiza ndi rauta yokhala ndi polumikizira eriyo yapanja yoikidwa pamtengo wautali moyang'ana nsanja, chifukwa denga la malata ndi zipupa za njerwa zimatchinga mafunde. Kufupi ndi malire, zipangizo zimatha kukoka netiweki ya ku Mozambique, choncho ndi bwino kuzitchera kuti zizigwira ya kuno yokha. Rauta ya 5G, yomwe ndi yodula, ilibe phindu kumalo kumene nsanja zake zikupereka 4G kapena 3G.

Nyengo ya kuchigwa nayo ili ndi mbali yake. Marauta ambiri a m'nyumba adapangidwa kuti azigwira ntchito pamalo osapyola madigiri 40, pomwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Ngabu ndi ku Nsanje kumatha kupyola pamenepo. Rauta yoikidwa pafupi ndi malata kapena pazenera lowomba dzuwa imatentha, imachedwa, mwinanso kuzima yokha, ndipo batire la MiFi losiyidwa pachaja usana wonse limatupa msanga. Dzinja likafika, mphenzi ndi kubwera mwamphamvu kwa magetsi zimaotcha zipangizo zopanda chotetezera. Kwa mabanja a m'madera osefukira madzi, kachipangizo konyamulika kali ndi ubwino umene katoni silinena: kamalowa m'thumba pothawira kumtunda.

Starlink, yomwe idayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu Julayi 2023, idasintha nkhaniyi chifukwa sidalira nsanja yapafupi. Kwa sukulu, chipatala, malo ogona alendo pafupi ndi Majete kapena Lengwe, kapena bizinesi ya anthu ambiri, dishiyi ingakhale yankho. Koma imadya magetsi ochuluka kangapo kuposa rauta wamba, imafooka mvula ikamagwa yamphamvu, ndipo mtengo wake ndi wolemera kwa banja lodalira malipiro a mphunzitsi kapena malonda a thonje. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsatira dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso ndalama zakunja zikusowa, rauta ikapsa si banja lililonse lingagule ina. Kugula chipangizo chovomerezeka ndi bungwe la MACRA, kwa wogulitsa wopereka risiti ndi lonjezo lokonza, kuli bwino kuposa kuthamangira chotchipa chosadziwika kochokera.

Komabe pali malire a zimene banja lingachite palokha. Rauta yabwino chotani singakoke netiweki pamene nsanja yazima. Nsanja zambiri zimadalira majenereta magetsi akathima, ndipo mafuta ake safika msewu ukaduka, monga momwe M1 idadukira nthawi ya namondwe wa Ana. Madzi osefukira adabweranso ndi Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zoterezi ndi pamene anthu amafuna kwambiri machenjezo a nthambi yoona zanyengo ndi a DoDMA, kulandira ndalama za pafoni ndi kudziwitsa abale kuti ali moyo. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA kuti lifikitse ntchito zoterezi kumadera amene makampani saona phindu. Maboma awiriwa, omwe mu 2018 adali ndi anthu oposa 860,000, ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti ndalama za thumbali ziike patsogolo nsanja zomangidwa pamalo okwera, zokhala ndi sola ndi mabatire okwanira masiku angapo. Aphungu ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje akuyenera kufunsa funsoli mvula isanayambe.