Kodi tiyi kapena zitsamba zingakonze mitsempha yomwe shuga wawononga?

Ngati muli ndi matenda a shuga, mwina munalandirapo uthenga pa WhatsApp wotsatsa makapisozi a tiyi wobiriwira, ufa wa chammwamba kapena madzi a nimu, ati "amatsuka mitsempha". Ku Thyolo, komwe minda ya tiyi yayala kuchokera ku Satemwa mpaka ku Makwasa, nkhaniyi imakoma kuimva: mankhwala ali pakhomo pomwe.

Vuto lomwe otsatsawa akutchula lilipodi. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno ali ndi shuga. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri, amawononga timitsempha ting'onoting'ono ta magazi ta m'maso, mu impso ndi m'mapazi. Poyamba simumva kanthu. Maso amaona bwinobwino pomwe timitsempha tayamba kale kuchucha mkati. Phazi limachita dzanzi, moti wothyola tiyi akhoza kubayidwa ndi chitsa kapena kukhulika m'jombo, n'kudzaona bala litayamba kale mafinya.

Zitsamba si zonyoza ayi. Metformin amene mumalandira kuchipatala anachokera ku kafukufuku wa chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis. Koma anayesedwa pa anthu ambiri ndipo mlingo wake umadziwika. Tiyi wobiriwira ali ndi mankhwala otchedwa EGCG, omwe aonetsa zolimbikitsa pa makoswe ndi m'malabotale, koma palibe umboni wokwanira woti amakonza diso kapena impso ya munthu yomwe yawonongeka kale.

Kapu ya tiyi ilibe vuto, bola musathiremo masipuni atatu a shuga monga timachitira ambirife. Makapisozi ndi nkhani ina. Mu 2018, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya la EFSA linachenjeza kuti kumwa mamiligalamu 800 a EGCG kapena kuposerapo patsiku kungavulaze chiwindi. Botolo logulidwa pamsika kawirikawiri silinena kuti muli wochuluka bwanji, ndipo ngati impso zanu zafooka kale, simudziwa chomwe mukuzisenzetsa. Zitsamba zina zikaphatikizana ndi glibenclamide zingatsitse shuga mopitirira, munthu n'kukomoka ali kumunda.

Chomwe chimateteza timitsemphati n'chodziwika: kumwa mankhwala osadumphitsa, kutsitsa BP ndi kusiya fodya. Kamodzi pachaka pemphani kuti akuyezeni maso ndi mkodzo, ngakhale mukumva bwino. Yambirani pachipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo. Diso likafuna chithandizo chapadera, amatumiza ku Queens ku Blantyre, komwe kuli chipatala cha maso cha Lions. Mapazi muziwayang'ana nokha madzulo alionse mukavula jombo.

Ngati mukumwa kale zitsamba, musabise. Tengani botololo mukawaonetse adokotala, ndipo mapiritsi anu musasiye.