Mwana wolandira magazi tisamusiye panjira

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mwambiwu ukugwa ndendende pa ana odwala thalassemia, nthenda yakumtundu imene Dr Thomas Cooley wa ku Detroit adaifotokoza m'chaka cha 1925. Njofala ku Cyprus, Italy, Pakistan, India ndi Thailand. Mwana wobadwa ndi mtundu woopsa wa nthendayi sapanga magazi okwanira, tsono amaonjezeredwa magazi pafupifupi mwezi ndi mwezi, moyo wake wonse.

Magaziwo ndiye mvula, matope ake ndi ayironi. Paketi imodzi ya magazi imabwera ndi ayironi wokwana mamiligalamu pafupifupi 200, pomwe thupi limataya 1 kapena 2 basi patsiku. Nanga wotsalayo apita kuti? Amakaunjikana m'chiwindi, mumtima, ngakhalenso m'chithokomiro, kachiwalo kapakhosi kamene kamayendetsa kakulidwe ka mwana ndi mphamvu za thupi lake.

Kuipa kwake, chithokomiro chimafooka mwakachetechete. Mwana amangopinimbira, kumva kuzizira anzake akutuluka thukuta, kudzimbidwa, kusinza m'kalasi. Kunyumba amati ndi ulesi, kusukulu amati ndi umbuli, kuchipatala nako akhoza kungoti ndi kuchepa kwa magazi komwe kuja.

Chonsecho njira ilipo. Mankhwala a deferoxamine, olowa ndi kasingano pansi pa khungu kwa maola 8 mpaka 12, akhala akuchotsa ayironi kwa zaka zambirimbiri, ndipo mu 2005 kudabwera akumwa, deferasirox. Ayironi amayezedwa m'magazi. Chithokomironso amachiyeza m'magazi momwemo, kamodzi pachaka mwana akamayandikira zaka 10. Chikapezeka chofooka, piritsi limodzi la levothyroxine patsiku limabwezera chosowacho.

Ena anena kuti izi nzakutali. Ayi ndithu. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana aang'ono 10 aliwonse m'Malawi muno, pafupifupi anayi ali ndi mtundu wofatsa wa alpha thalassemia. Amenewo safuna magazi, inde. Koma tili ndi ana a sickle cell, ena mwa iwo olandira magazi mobwerezabwereza, ndipo ayironi safunsa dzina la nthenda. Amaunjikana basi.

Enanso ati mankhwalawa ngodula. Zoona. Koma kodi kutola magazi, kuwayeza ndi kuwasunga mufiriji nkotchipa? Tiwonongerenji zonsezo pa mwana amene tidzamusiya afe ndi mtima wodzaza ayironi?

Mfundo yanga njakuti chipatala chopatsa mwana magazi kawirikawiri chili ndi ngongole kwa mwanayo. A Unduna wa Zaumoyo, bajeti ya magazi iyendere limodzi ndi ya zoyezera ndi mankhwala ochotsa ayironi. Inunso makolo, musamugulire mwana wotere mapiritsi a ayironi kugolosale ati kumuonjezera magazi. Mukapita kuchipatala funsani kuti ayironi wafika pati, chithokomiro adachiyeza liti. Paja safunsa adadya phula.