Mlandu suola, ngakhale wa pamsewu wa ku Joni

Abale anga akumudzi ndi inu a m'tauni, lero za feteleza zidikire kaye. Kuno kwathu ukabwereka ng'ombe za ngolo, n'kukadya chimanga cha eni, wolipira ndi iwe wobwerekawe. Galimoto ya hayala ndi chimodzimodzi, ngakhale uiyendetse kunja kwa dziko.

Nkhaniyi yabuka pagulu lathu la banja pa WhatsApp. M'bale wathu wina wa ku Area 18 anapita ku ukwati ku Johannesburg, anatenga galimoto ya hayala, ndipo patatha milungu ingapo uthenga wa chindapusa wamutsatira. Ena akuti, “Ingochisiyani, akakupezani bwanji ku Lilongwe?” Ine ndikukana.

Kuno tinazolowera wapolisi kukuimika pamsewu, n'kukambirana maso ndi maso. Ku South Africa zambiri amagwira ndi kamera. M'tauni liwiro ndi 60, misewu ya kunja kwa tauni 100, misewu ikuluikulu 120, pokhapokha chikwangwani chitanena zina. Kamerayo imajambula nambala, kalata n'kupita kwa mwini galimoto, amene ndi kampani ya hayala. Kampaniyo imapereka dzina la amene anasaina, ndipo kawirikawiri imadulanso ndalama yakeyake ya ntchitoyo pa khadi la kubanki lomwe munasiya.

Apa ndiye pagona nkhani. Ambiri mwa ife tikapita ku Joni, amene amasaina ndi kupereka khadi ndi mchimwene kapena mlongo amene akukhala konko. Iwe wabwerera, uli phee pa Area 18, ngongole yatsalira mnzako amene akuvutika ndi lendi, yemwenso amatumiza ya sukulu ya ana kuno kumudzi. Chimenecho si chibale ayi.

Ndiye chitani izi. Choyamba, musathamangire kudina link iliyonse yobwera pafoni, akuba nawonso amatumiza mauthenga otere. Funsani kampaniyo ikutumizireni kalata yeniyeni, muone tsiku, malo ndi nambala ya galimoto ngati zikugwirizana ndi pepala la hayala. Zikasiyana, dandaulani molemba. Zikagwirizana, lipirani msanga. Ku Johannesburg ndi Tshwane, pa lamulo la AARTO, ukalipira m'masiku 32 amakudula theka. Risiti isungeni ngati ya fodya.

Kuchedwa kulibe phindu. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi ngongole ya ma rand anadzuka itakula asanabwerekenso kanthu.

Komanso amene sanalembedwe pa pepala la hayala asagwire chiwongolero, ngakhale akhale amalume. Paja amene anasaina ndiye amayankha zonse.

Inu a m'tauni, lipirani nokha, musatiuze kuti tigulitse soya wathu. Ndatha ine wanu, ndikupita kudimba.