Ubwana Wogona pa Mzere wa Mafuta

Pali matenda ena amene atigwira ife ogwira ntchito m'boma, ndipo mankhwala ake kuchipatala kulibe. Matendawa ndi manyazi oopa kuoneka wosauka. Munthu amalolera kudya nsima ya mchere, kuchedwetsa fizi ya mwana, ngakhale kukatenga katapila kumene, bola m'mawa anthu amuone akutsika m'galimoto makiyi ali m'manja. Ine ndatsimikiza mtima kuti ndigula njinga yamagetsi yoti ndizipitira kuntchito, ndipo chiyambireni kunena zimenezi anzanga akhala akundiyang'ana ngati munthu amene mutu wayamba kumuzungulira. Ndalemba nkhaniyi kuti ndiwayankhe onse pamodzi, pakuti zifukwa zambiri zimene amapereka ndi zongophimbira. Chimene chikuwavuta kwenikweni ndi ubwana.

Tiyambe tachifotokoza chinthucho, chifukwa ambiri amene akuchinyoza sadachionepo n'komwe. Njinga yamagetsi ndi njinga yakapalasa yomweyi, ya mapedulo ndi tcheni, kungoti ili ndi kamota kakang'ono pa gudumu kapena pakati pa mapedulo, komanso batire limene limatchajidwa pa soketi ya m'nyumba monga timachitira ndi foni. Munthu umapalasa ndithu, koma kamotako kamakukankha, makamaka pachitunda ndi pamene mphepo ikukuomba kumaso. Zambiri zimakuthandiza mpaka liwiro la makilomita 25 pa ola. Batire la njinga zotere limadzadza ndi pafupifupi theka la yuniti imodzi ya magetsi, ndipo likadzadza limatha kukuyendetsa makilomita 40 kapena kuposerapo, malingana ndi thupi la wokwerayo ndi zitunda za m'njira.

Tsono tengani pensulo tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti munthu amakhala mbali za Area 25 kapena Chinsapo mu mzinda wa Lilongwe, ndipo ulendo wake wa kuntchito ndi makilomita 15 kupita, 15 kubwera. Pa masiku 22 ogwira ntchito m'mwezi, ameneyu wayenda makilomita 660. Galimoto yaing'ono yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi imwa malita 55, osawerengera mafuta amene amangopsa galimoto itaima pa mdipiti wa m'mawa ndi madzulo. Wanjinga yamagetsi, ngakhale atamatchaja batire lonse tsiku lililonse, adya mayunitsi 11 okha pamwezi. Mtengo wa lita mukuudziwa, wa yuniti mukuudziwanso. Chulukitsani nokha, kenaka muyang'ane pepala lanu la malipiro, mundiuze amene mutu ukumuzungulira pakati pa ine ndi inu.

Nkhaniyi siithera m'thumba la munthu mmodzi. Dziko la Malawi lilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo limachokera kunja, limadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo timaligula ndi madola. Madolawo amachokera kuti? Amachokera ku fodya, ku tiyi, ku shuga, ku nyemba ndi mtedza. Amene amalima fodyayo ndi mlimi wa ku Kasungu kapena ku Dowa, yemwe amapita kumsika panjinga, amanyamula feteleza panjinga, ndipo mkazi wake akadwala amamupititsa kuchipatala panjinga. Thukuta la wanjinga ndilo limagula mafuta a bwana, kenaka bwanayo n'kumaseka njinga. Mwano woposa pamenepa ndi uti?

Ndipo si kuti sitidachenjezedwe. M'zaka za 2011 ndi 2012 tidagona m'malo omwetsera mafuta, ndipo kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kudali m'gulu la madandaulo amene adatulutsa anthu m'misewu pa 20 July 2011, tsiku limene magazi adakhetsedwa m'dziko muno. Mizere ija idabweranso mu 2022, idabweranso mu 2024. Mu May 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Nthawi zonsezi tidaona abambo olemekezeka, a mataye awo, atagona m'galimoto usiku wonse akulumidwa ndi udzudzu, ena akunyengerera anyamata a zigubu kuti awagulitse malita asanu pa mtengo wa khumi. M'mawa mwake maofesi ali pululu, mafayilo a anthu ali phee pa tebulo, mwini ofesi ali pa mzere. Ubwana wake ndi umenewu, wogona pa mzere wa mafuta?

Magetsi athu, ngakhale ali ndi mavuto ake, ndi athuathu. Ambiri amachokera m'madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira, ndipo kuyambira 2021 dzuwa la ku Salima nalo likuwonjezera mamegawati 60. Munthu woyendera magetsi ndiye kuti akuyendera madzi a Shire ndi dzuwa la kwathu konkuno. Woyendera petulo akudikira sitima ya panyanja imene sadziwa kuti inyamuka liti ndiponso ilipiridwa ndi ndani.

Apa anzanga amadumphira m'mwamba n'kunena kuti, "Nanga kuthimathima kwa magetsi?" Funsoli ndi lomveka. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana adaonongera Kapichira mu January 2022, n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Koma ndifunse: m'miyezi yonse ija, ndani adataya foni yake chifukwa magetsi ankathima? Tonse tidaphunzira kutchaja pamene magetsi ayaka. Batire la njinga limafuna maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo pa njinga zambiri limachotsedwa n'kulowa nalo m'nyumba. Komanso batire likatha m'njira, njinga imakhalabe njinga. Upalasa, utuluka thukuta, koma kunyumba ukafika. Galimoto yopanda mafuta imangokhala pabwalo, nkhuku n'kumabisala dzuwa pansi pake.

Ena amati njingazi ndi zodula. N'zoona, ndipo kalaliki wongoyamba kumene ntchito sangaigule ndi malipiro a mwezi umodzi kapena iwiri. Batire nalonso limakalamba. Pakatha zaka zingapo limayamba kutha msanga ndipo pamafunika lina, choncho munthu ayenera kumasungirako kenakake mwezi ndi mwezi. Ayeneranso kupewa matchaja achinyengo, pakuti mabatire amenewa amatha kuyaka moto akatchajidwa mosasamala. Koma chondidabwitsa n'chakuti amene amafuula kwambiri za kudula ndi omwe aja adatenga ngongole ya zaka zingapo kuitanitsa galimoto yakale ku Japan, n'kuilipirira msonkho pachipata cha Songwe, ndipo chaka chilichonse amalipira inshulansi, amagula matayala ndi oyilo, osatchula ndalama za makaniko. Zimenezi sazitcha kudula, amazitcha chitukuko. Za okonza musade nazo nkhawa. Tcheni, mabuleki ndi matayala akonza ndi wokonza njinga wapansi pa mtengo uja. Za kamota ndi mawaya aphunzira anyamata athu, monga adaphunzirira kukonza mafoni ndi njinga zamoto zimene zaka makumi awiri zapitazo zidali zosowa m'misewu yathu.

Enanso amati, "Mukafika ku ofesi mukununkha thukuta, nanga mvula?" Ntchito ya kamota kaja ndi yomweyo, yoti munthu ufike malaya ali ouma. Kunena za mvula, kuyambira May mpaka October kuno kumakhala kuli gwa, ndipo ngakhale m'dzinja si m'mawa uliwonse umene kumavumba. Tsiku la chimvula ndidzakwera minibasi monga amachitira anthu onse. Walira mvula walira matope. Ulendo wopanda chovuta chake kulibe, ndipo kunyowa masiku owerengeka pachaka ndikulolera kusiyana ndi kumizidwa ndi ngongole chaka chonse.

Chifukwa chimodzi chokha mwa zonse zimene ndamva ndicho chimandikhalitsa pansi, ndipo ndi ngozi za pamsewu. Wanjinga m'misewu yathu ali ngati mwana wamasiye. Minibasi imamuimbira hutala kuti atsike m'fumbi, lole imamudutsa pafupi ngati imumeta tsitsi, m'mbali mwa tala mudadyeka ndi madzi, ndipo kukada misewu yambiri ilibe nyali. Chipewa cholimba, nyali ya kutsogolo ndi kumbuyo ndi chovala chowala zimathandiza, koma sizingaimitse lole. Komabe, abale anzanga, mlandu umenewu ndi wa ndani? Si wa njinga. Amene amajambula mapulani a misewu, amene amalemba bajeti, amene amasaina makontirakiti, ndife tomwe ogwira ntchito m'boma, ndipo timauona msewu kudzera pa galasi la galimoto. Lilongwe, amene adakhala likulu mu 1975, adamangidwa motayana, malo okhala kutali ndi malo a ntchito, ngati kuti aliyense adzakhala ndi galimoto. Chonsecho imani m'mawa pa msewu uliwonse wolowa mu mzindawu muwerenge: a makala, a nkhuni, a kabaza, alonda ochokera ku ntchito ya usiku, ana a sukulu. Anthu amenewa akhala akufera m'misewu kwa zaka zambiri ife tili chete, chifukwa si anzathu a mu ofesi. Tsiku limene mlembi wamkulu wa unduna adzagwere mu dzenje ali panjinga, dzenjelo lidzakwiriridwa dzuwa lisanalowe.

Tabwereranso ku manyazi aja. Chodabwitsa n'chakuti manyaziwa ndi achilendo pakati pathu. Agogo athu pobwera ku Joni ndi ku Salisbury ankafika ndi njinga ya Humber kapena Raleigh, mudzi wonse n'kusonkhana kudzaiona, ndipo mwini wake ankaipukuta tsiku ndi tsiku n'kuigoneka m'nyumba. Mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaulimi, m'busa, onsewa ankayendera njinga ulemu wawo osachepa. Mpaka lero alangizi a zaumoyo amafikitsa katemera m'midzi panjinga, ndipo amayi akumudzi amapalasa atavala chitenje popanda wowaseka. Ndi mu ofesi mokha mmene tidagamula kuti njinga ndi ya mesenjala ndi mlonda, ndipo kuti munthu akakwezedwa paudindo miyendo yake iyenera kupuma mpaka imfa. Zotsatira zake tikuziona: mimba kutsogolo, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi tisanafike zaka makumi asanu, kenaka dokotala n'kutilamula kuti tizipalasa njinga yosayenda m'nyumba yolipira.

Kwina anthu adasiya kale kuseka. Mark Rutte, amene adali nduna yaikulu ya dziko la Netherlands kwa zaka pafupifupi 14, ankapita kuntchito panjinga, ndipo tsiku lotula pansi udindo mu 2024 adachoka pa ofesi panjinga pomwepo. Mukati amenewo ndi azungu, yang'anani kuno kwathu ku Africa. Dziko la Ethiopia, litatopa ndi kutaya ndalama zakunja pa mafuta, lidaletsa mu 2024 kuitanitsa galimoto za anthu wamba zoyendera petulo ndi dizilo. Mu mzinda wa Kigali ku Rwanda, kuyambira January 2025 adasiya kulembetsa njinga zamoto zatsopano zonyamula anthu ngati zili zoyendera petulo. Amenewa ndi anzathu opanda doko ngati ife, ndipo aona kumene mphepo ikulowera.

Boma lathu nalo likudziwa kulemera kwa katunduyu, pakuti mu November 2023 lidalengeza zodula ndi theka mafuta amene nduna ndi akuluakulu ena amalandira. Koma kudula kokha sikumupatsa munthu njira ina yoyendera. Ndikupempha zinthu zinayi zosafuna msonkhano wa kunyanja. Pakhale ngongole ya njinga yamagetsi yodulidwa pang'onopang'ono ku malipiro. Msonkho uliwonse pa njingazi ndi mabatire ake uchotsedwe. Ngati aphungu a Nyumba ya Malamulo amaloledwa kuitanitsa galimoto popanda msonkho, namwino ndi mphunzitsi alakwanji? Pa ofesi iliyonse ya boma pakhale malo otetezeka oimikapo njinga, okhala ndi denga ndi soketi. Ndipo msewu uliwonse umene ukumangidwa kapena kukulitsidwa m'mizinda yathu ukhale ndi kanjira ka njinga kotchingidwa bwino, kamene minibasi singakasandutse siteji.

Kwa anzanga amene mukuseka, wakutsina khutu ndi mnansi. Sindikunena kuti mugulitse galimoto zanu. Loweruka mudzanyamulirabe banja kupita kumudzi, ndipo wodwala usiku adzafunabe galimoto. Ndikunena kuti kutentha malita 55 pamwezi pofuna kunyamula munthu mmodzi ndi chikwama chake cha mapepala, m'dziko limene nthawi zina limasowa madola ogulira mankhwala ndi feteleza, ndi chinthu chimene tiyenera kuchita nacho manyazi. Ngati manyazi tili nawo ochuluka chotere, tiyeni tiwagwiritse ntchito pamenepo.