Batire Losayezedwa ndi Mkuyu wa Nyerere

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu uyenera kukumbukiridwa ndi aliyense amene akulakalaka galimoto kapena njinga yamoto yoyendera magetsi pofuna kuthawa mizere ya mafuta imene inasautsa Amalawi mu 2022 ndi zaka zotsatira. Alipo anthu amene amati galimoto ikangonyezimira ndi kutsika mtengo yakwanira, ndipo amanyoza kompyuta yoyang'anira batire kuti ndi zachizungu zosafunika kumudzi. Maganizo otere ndi osocheretsa, ndipo akatsatidwa adzasandutsa Malawi dzala la mabatire otha ntchito.

Moyo wa galimoto yamagetsi uli m'batire lake. M'kati mwa batire limodzi muli timabatire ta lithium tambirimbiri, ndipo kamodzi kokha kakatentha mopitirira muyeso kangathe kuyatsa moto wovuta kuzimitsa. Diso la dalaivala silingaone zimenezi. Chifukwa chake m'galimotomo mumakhala kompyuta imene imayeza mphamvu ndi kutentha kwa timabatireto nthawi zonse. Nzeru za makina, zimene ambiri amazitcha AI, zimaphunzira kuchokera ku miyeso imeneyi, n'kuneneratu kuti batire likukalamba motani ndiponso kuti ndi kati kamene kayamba kufooka ngozi isanagwe.

Kumapiri a Dedza ndiko kumene phindu la nzeruzi lingaonekere poyera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chisanu cha ku Bembeke chimachepetsa mphamvu imene batire lingapereke, ndipo kulitchaja mofulumira lili lozizira kumalikalambitsa msanga. Wamalonda wonyamula mbatata ya kachewere akamatsika mokhotakhota mwa Khwekhwerere, injini yamagetsi imabweza mphamvu m'batire pochepetsa liwiro. Koma batire likakhala lodzaza, kompyuta iyenera kuikana mphamvuyo, dalaivala n'kudalira mabuleki wamba. Akafika ku Golomoti, batire lomwelo limakumana ndi kutentha kwa kuchigwa, kumenenso kumaliwononga. Kodi munthu angayendetse bwanji zonsezi mongoganizira?

Onyozawo apite ku Golomoti akaone okha. Mu 2022, makampani a JCM Power ndi InfraCo Africa anatsegula kumeneko malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, okhala ndi mabatire akuluakulu a lithium. Mabatirewo amayang'aniridwa ndi makompyuta usana ndi usiku. Ngati luso limeneli likugwira ntchito m'boma la Dedza, palibe chifukwa chonenera kuti ndi la ku Ulaya kokha.

Choopsa chachikulu chili pa magalimoto akale. Amalawi ambiri amagula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo amagetsi nawo adzalowera khomo lomwelo. Nissan Leaf, imene inayamba kugulitsidwa mu 2010, inatuluka yopanda madzi oziziritsira batire, motero batire lake limafooka msanga kumalo otentha. Makilomita olembedwa pa galimoto saulula thanzi la batire. Wogula wosauka adzalipira ndalama zonse za thukuta lake, kenaka n'kupeza kuti galimoto yake ikulephera chitunda cha Dedza.

Pachifukwa chimenechi, bungwe la Malawi Bureau of Standards liyenera kulamula kuti galimoto yamagetsi iliyonse yolowa m'dziko ikhale ndi chikalata chosonyeza thanzi la batire. Ogulitsa akakamizidwe kulola amakanika a kuno kuwerenga zimene kompyutayo yasunga, ndipo TEVETA ndi MUBAS ziphunzitse achinyamata luso limeneli. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli graphite wambiri, mwala wofunika popanga mabatire. Chingakhale chamanyazi kuti dziko ligulitse mwalawo kunja, lilandire mabatire akufa, koma lilibe mwana ndi mmodzi yemwe wodziwa kuwayeza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.