Oscilloscope ya madola 400? Dikirani kaye, aise

Chaka chatha ndinagula inveta m'sitolo ina ku Old Town. Pabokosi analembapo zilembo zikuluzikulu kuti ndi ya pure sine wave, kutanthauza kuti magetsi ake ndi osalala ngati a pasoketi. Nditailumikiza kunyumba, fani inayamba kulira ngati mwalowa njuchi, chaja ya laputopu n'kumatentha. Ndinayeza ndi multimeter, nambala sinali kutali ndi 230. Ndiye vuto lili pati?

Loweruka lake ndinainyamula ulendo wa ku Area 47, kwa bambo ena opuma pantchito amene ali ndi oscilloscope. Analumikiza kudzera pa kathiransifoma kakang'ono, n'kundilozera sikirini. M'malo mwa mzere wokwera ndi kutsika mosalala ngati funde la panyanja, panaoneka masitepe. Anangopukusa mutu: "Achimwene, apa anakuberani."

Kusiyana kwa zida ziwirizi n'komweko. Multimeter imakupatsani nambala imodzi basi. Oscilloscope imakujambulirani mmene magetsi akusinthira nthawi ikamayenda. Magetsi a m'nyumba zathu amakwera n'kutsika ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo popanda chida chimenechi simungaone maonekedwe ake.

Usiku womwewo ndinali pafoni kufufuza mitengo, mtima uli dyokodyoko. Imene anthu okonda zamagetsi amaitama kwambiri ndi Rigol DS1054Z: matchanelo anayi, 50 MHz, mtengo wake cha m'ma 400 madola. Kwa mnyamata wa ku Berlin imeneyo ndi yotchipa. Kwa ife ndi nkhani ina. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogula m'madola chimaluma. Dola yakeyo muyambe mwaipeza kaye. Kenako mulipire mtengo wotumizira, msonkho wa MRA ubwere pamwamba. Ikafa pakatha miyezi itatu, waranti yake ili kutsidya kwa nyanja.

Sindinagule, ndipo ndikuti ambiri a inu amene mumasewera ndi mawaya madzulo mukaweruka, musagulenso. Pakadali pano ayi.

Tadzifunseni kuti mumapanga chiyani kwenikweni. Ambirife ndi ma amplifier a masipika, machaja a sola, timagetsi toyaka tokha kukada, ndi tina ta Arduino. Phokoso limene khutu la munthu limamva limathera pa 20 kHz. PWM ya Arduino Uno pa mapini ambiri ili cha pa 490 Hz. Zonsezi kachida ka DSO138, kamene mumachita kulumikiza nokha ndipo kamafika 200 kHz, kamazionetsa, pamtengo wosafika madola 30. Pokalumikizapo mwaphunziranso kuwotcherera bwino. Ngati vuto lanu ndi loti sensa sikulankhulana ndi Arduino, ka logic analyzer ka matchanelo 8 ndi kotchipanso kuposa apo, ndipo pulogalamu ya PulseView ndi yaulere. Palinso zogwira m'manja zoyendera batire, monga za FNIRSI. Magetsi akazima, yapatebulo ija imangokhala chokongoletsa m'nyumba pamene kabatire kakugwirabe ntchito.

Sindikuti zotchipazi ndi zangwiro. Manambala a pabokosi pake osawakhulupirira kwambiri, paja bokosi linandinamiza kale ine. Ndipo zili ndi malire enieni. Akatswiri amati chida chanu chizitha kuona liwiro loposa la chimene mukuyezacho kasanu. Ndiye mukafika pa SPI yothamanga ma MHz angapo, kapena mukusaka phokoso la mu switching power supply, DSO138 idzakujambulirani bodza, mzere wooneka bwinobwino pomwe pali chisokonezo. Apo ndiye mwafika pofunika chida chenicheni.

Koma munthu wofika pamenepo nthawi zambiri sakuseweranso. Ngati mukukonza mainveta a m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43, kapena ma UPS a m'maofesi a ku City Centre, ndipo anthu akukulipirani, gulani mawa lomwe. Ibweza yokha ndalama zake. Amene ndikulimbana naye ndi uja wofuna kugula chifukwa anaiona patebulo la munthu wa pa YouTube. Tapitani mukaone anyamata okonza mafoni ku Old Town. Multimeter, power supply, chowotcherera ndi maso akuthwa, anthu akudyetsa mabanja ndi zomwezo.

Chinanso chimene ogulitsa sakuuzani: kachopanira ka ground ka oscilloscope yapatebulo kamalumikizana ndi waya wa earth wa pasoketi. Mukakapanitsa pa waya wamoto, kumva kuti phuu! Probe yapita, mwina chida chomwe, mwinanso inuyo. N'chifukwa chake bambo aja anadutsira pa thiransifoma. Kulakwitsa kumeneku pa chida cha madola 400 n'kolira nako maliro.

Ngati mtima ukukanabe, bwanji osachita ngati chipereganyu? Anthu asanu musonkhe, chida chikhale kwa mmodzi wodalirika, muzikumana Loweruka. Oscilloscope si foni yoti muzigwira tsiku lililonse. Mumaifuna mphindi khumi, mwaona chimene mumafuna, basi yabwerera pashelefu. Inde, za chuma cha gulu zimadanitsa, tonse tikudziwa, choncho mugwirizaniretu kuti wowotcha probe agula yekha.

Ineyo ndalama zija ndinagulira multimeter ya true RMS, chowotcherera chosintha kutentha, ndi kabokosi ka zipangizo. Ndinayambanso kulemba kumapeto kwa kope langa nthawi iliyonse imene ndakanika chifukwa chosowa oscilloscope. Mpaka lero ndalemba katatu. Kawiri ndinakwera minibasi ya ku Area 47 nditanyamula Fanta wa bambo aja. Kachitatu ndinapeza kuti waya wina ndinangoiwala kuwotcherera.