Filimu yakale imene imaulula wakupha poyambirira

Anzanga ena akaona filimu ya zithunzi zakuda ndi zoyera amati ndi ya agogo. Ine ndikuti tisafulumire kuinyoza.

Taonani Double Indemnity, imene Billy Wilder anapanga ku Hollywood mu 1944. Imayamba Walter Neff, wogulitsa inshuwalansi, akulowa mu ofesi usiku ali ndi bala la mfuti, n'kuyamba kuulula pa makina ojambulira mawu kuti anapha munthu. Choncho woonera salimbana n'kufufuza wakupha. Chimene amatsata n'chakuti munthu wamba, wa ntchito yabwino, anafika bwanji pamenepo. Neff sanagwe tsiku limodzi. Anakopeka ndi Phyllis, mkazi wamwini, kenako anasainitsa mwamuna wake inshuwalansi ya ngozi iye osadziwa, mapeto ake anamupha.

Mafilimu otere Afalansa anawatcha film noir mu 1946, kutanthauza filimu yakuda. Ena amati mathero ake ngokakamiza, poti malamulo a Hays Code, amene anakhwima kuyambira 1934, sankalola kuti chigawenga chipambane. N'zoona. Inenso sindikondwera ndi chizolowezi cha mafilimuwa chosenzetsa mkazi mlandu waukulu. Komabe Wilder samuyeretsa Neff, pakuti njira yophera munthuyo anaikonza ndi iyeyo.

Ife amene tikukonzekera uphunzitsi tikudziwa kuti mwana amagwira msanga nkhani kusiyana ndi chidzudzulo. Ipezeni filimuyi, muionere mpaka kumapeto, kenako mukambirane malo oyamba pamene Neff akanatha kubwerera.